Matanthwe a zilumba za ku Cape Maclear: zimene mlendo wocokera ku Zambia ayenera kudziwa

Kumwera kwa nyanja ya Malawi, m'boma la Mangochi, kuli zilumba za miyala zimene matanthwe ake amatsika molunjika mpaka kulowa m'madzi akuya. Zochuka mwa izo ndi Thumbi West, Domwe ndi Mumbo. Zonsezi zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, moyang'anana ndi mudzi wa asodzi wa Chembe, umene alendo ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti Cape Maclear.

Dziko lino la Zambia lilibe gombe la nyanja ya mcere. Munthu wokulira ku Palabana m'boma la Chongwe, kumene kuli sukulu yophunzitsa ulimi wa ng'ombe za mkaka, madzi amene amawadziwa ndi a m'madamu a m'mafamu ndiponso a m'mitsinje ya Chalimbana ndi Chongwe, imene imacepa kwambiri mvula ikacedwa. Komabe, ngakhale kuti derali ndi la Asoli, cilankhulo cimene cimamveka pamsika ndi pa wailesi ndi Cinyanja, ndiko kuti cilankhulo ca anthu a kunyanja. Nyanja imene dzinali limachula ndi yomweyi ya Malawi.

Mlendo wocokera kuno akafika pa Chembe safuna womasulira kuti amvane ndi mwini boti. Cimene amasowa ndi kudziwa khalidwe la miyala, mphepo ndi madzi a kumeneko, zinthu zimene mwana wa msodzi amaziphunzira asanayambe sukulu.

Nyanja ndi paki yake

Nyanja ya Malawi ndi yacitatu kukula mu Africa, pambuyo pa Victoria ndi Tanganyika. M'litali mwake imapitirira makilomita 560, pamene yatambasuka kwambiri imafika makilomita 75, ndipo kumpoto kwake kuya kumafika pafupifupi mamita 700. Anthu a ku Tanzania amaicha Nyasa, a ku Mozambique amati Niassa. Madzi ake amatuluka kudzera mu mtsinje wa Shire, umene umakathira mu Zambezi.

Nyanjayi ili m'cigwa cimene cinapangika pamene nthaka inang'ambika ndi kutitimira, monga momwe zinacitikira ku nyanja ya Tanganyika ndi ku cigwa ca Luangwa. Ici ndi cifukwa cake mapiri amafika mpaka m'mphepete mwa madzi, ndipo ena mwa iwo anazingidwa ndi madzi n'kusanduka zilumba, zimene ena amati zisumbu. Cilumba ciliconse ca ku Cape Maclear ndi nsonga ya phiri limene tsinde lake lili pansi pa nyanja.

Boma la Malawi linakhazikitsa pakiyi mu 1980, makamaka pofuna kuteteza nsomba. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a cuma ca dziko lonse lapansi, mndandanda umene mathithi a Mosi-oa-Tunya analowamo mu 1989. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 94. Mbali yaikulu ndi mapiri a dera la Nankumba, ndipo yotsalayo ndi zilumba zoposa 10 pamodzi ndi madzi ozungulira gombe lililonse la paki, kufika mamita 100 kucokera kumtunda.

Zilumba ndi matanthwe ake

Malo oyamba amene alendo ambiri amafikako ndi Otter Point, kumapeto kwa gombe la Chembe cakumadzulo. Kumeneko munthu amafika ndi miyendo, podutsa pa cipata ca paki. Miyala ikuluikulu yosalala inasanjikizana pamenepo mpaka m'madzi, ndipo pakati pake panamera mitengo imene mizu yake inalowa m'ming'alu. Dzina la malowa linacokera kwa akatumbu, nyama zodya nsomba ndi nkhanu zimene zimakhala m'mapanga a m'mphepete mwa madzi.

Cilumba ca Thumbi West cili pa mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi kucokera pa gombe la mudzi. Pamwamba pake pali nkhalango, ndipo m'mbali mwake muli matanthwe amene boti limatha kuyandikira. Pa tsiku labata madzi a pamenepo amayera kwambiri moti munthu wokhala m'boti amaona miyala imene ili mamita angapo pansi pake. Malo ochedwa Mitande, pa cilumba comweci, ndi amodzi mwa amene akatswiri a nsomba akhala akucitapo kafukufuku kwa zaka zambiri.

Domwe ndico cilumba cacikulu kuposa zinzake za pafupi. Cinalekana ndi mtunda ndi mpata wopapatiza wochedwa Ilala Gap, umene maboti amadutsapo. Phiri lake ndi lalitali ndipo mbali zina ndi phompho lenileni. Amene akwera mpaka pamwamba amaona mudzi wonse wa Chembe, mapiri a Nankumba ndi nyanja yotambasuka kulowera kumpoto, kumene maso saona tsidya lina.

Mumbo cili kutali, pafupifupi makilomita 10 kucokera ku Chembe. Ndi cilumba cacing'ono copanda mudzi, cozingidwa ndi miyala ikuluikulu ndi timagombe ta mcenga tobisika. Pakati pa nyanja, m'dera lomweli, palinso thanthwe la Zimbawe, limene limatumphuka lokha kucokera m'madzi akuya, ndipo kumeneko kumapita okhawo amene anaphunzira kumira ndi mabotolo a mpweya.

Cakumwera, kulowera ku Mangochi, kuli cilumba ca Boadzulu. Matanthwe ake amaoneka oyera munthu akali patali, cifukwa ca zitosi za mbalame zodya nsomba zimene zimamanga zisa pamenepo mwaunyinji.

Zimene zili pansi pa thanthwe

Thanthwe limene mlendo amaliona pamwamba pa madzi limapitirira mpaka pansi, ndipo mbali ya pansiyo ndi imene inacititsa kuti malowa atetezedwe. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mcere pa dziko lapansi. Akatswiri amaiwerengera pakati pa 700 ndi 1,000, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse.

Nsomba za m'miyala zimachedwa mbuna, dzina locokera kwa Atonga a m'mphepete mwa nyanjayi. Ndi nsomba zazing'ono, zambiri zosaposa cikhatho ca munthu, za maonekedwe obiriwira ngati thambo, acikasu, ofiirira ndi amizeremizere. Zambiri zimadya ndere imene imamera pa miyala, pozipala ndi mano. Yaimuna imasankha kamng'alu kake pa thanthwe ndi kupirikitsa inzake iliyonse yoyandikira. Yaikazi ikaikira mazira imawatola ndi kuwasunga m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu, mpaka ana ataswa ndi kuyamba kusambira okha.

Mbuna zambiri sizikonda kucoka pa miyala yawo. Mcenga wautali kapena madzi akuya amakhala ngati mpanda kwa izo. Motero nsomba za pa cilumba cimodzi zinakhala zikuswana zokhazokha kwa zaka zikwi zambiri, mpaka zinasiyana maonekedwe ndi za pa cilumba coyandikana naco. Bungwe la UNESCO limanena kuti pali mitundu ya mbuna yoposa 350, ndipo yonse kupatulapo isanu imapezeka m'nyanja yokhayi. Limayerekeza kufunika kwa nsombazi pa maphunziro a zamoyo ndi kwa mbalame za ku zilumba za Galapagos, zimene a Charles Darwin anaziona mu 1835.

Izi zikutanthauza kuti thanthwe limodzi likaonongeka, mtundu wonse wa nsomba ungathe kutha. Ngakhale kusamutsa nsomba kumasokoneza. Pakati pa zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ocita malonda ogulitsa nsomba zamoyo kumaiko akunja anataya pa Thumbi West mitundu ina imene anaitenga kumpoto kwa nyanja. Nsombazo zinaswana n'kukhazikika, ndipo zina zinakwerana ndi za pamalopo. Ici ndi cifukwa cake mlendo saloledwa kugwira mbuna, kuzisamutsa kapena kucotsa miyala m'madzi.

Nkhwazi ndi zamoyo zina

Mbalame imene mlendo wocokera ku Zambia amaizindikira msanga ndi nkhwazi, yomwe ili pa mbendera ya dziko lino. Nkhwazi zimakhala ziwiriziwiri m'mitengo ya pamwamba pa matanthwe, ndipo kulira kwake kumamveka kutali m'mamawa. Eni maboti ena amagula nsomba pagombe, ndipo akafika pafupi ndi Thumbi West amaimba mluzu n'kuponya nsombayo m'madzi, kuti alendo aone nkhwazi ikutsika ndi kuitola ndi zikhadabo.

Pa miyala yotentha ndi dzuwa pamagona ang'azi ndi abuluzi a mitundumitundu. M'mapiri a kumtunda muli anyani, apusi, mbira ndi nguluwe. Anyani a pafupi ndi cipata ca paki anazolowera anthu, ndipo amalanda cakudya ca mlendo wosasamala. Kuwapatsa cakudya kumawaonjezera cipongwe, ndipo amene amavutika pambuyo pake ndi eni minda a m'mudzi.

M'mbali mwa msewu wolowera ku Chembe muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yofanana ndi mphini zimene makolo ankatema pa nkhope ndi pa thupi. Akatswiri a miyala amati mizereyo inabwera ndi kuperepeseka kwa mwala pa zaka zambiri. Boma la Malawi linauika m'gulu la malo a mbiri otetezedwa.

Mbiri ya malowa

A David Livingstone anafika pa nyanjayi mu September 1859. Ndi iwo amene anapatsa malowa dzina la mnzawo, a Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene ankagwira nchito ku Cape Town. A Livingstone anamwalira mu 1873 m'mudzi wa Mfumu Chitambo, m'dziko la Ilala, muno m'Zambia.

Patapita zaka ziwiri, mu October 1875, amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland anafika pa Cape Maclear motsogoleredwa ndi a E. D. Young, ndipo pakati pawo panali dokotala wacinyamata, a Robert Laws. Anabwera ndi sitima yaing'ono imene anaicha Ilala pokumbukira dera limene a Livingstone anamwalirirako. Pa mathithi a mtsinje wa Shire sitimayo inamasulidwa, ndipo anthu mazanamazana anasenza zidutswa zake pamutu kufikira kumtunda kwa mathithiwo, kumene inalumikizidwanso. Mfumu Mponda ya Ayao ndi imene inawalola kukhala pamalopo.

Amishoniwo anasankha malowa cifukwa ca doko lake labwino, lochingidwa ndi zilumba. Koma malungo anawasautsa. Ena mwa iwo anamwalira m'zaka zoyambirira, ndipo manda awo alipobe m'munsi mwa phiri, pafupi ndi cipata ca paki. Mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 inakhazikika pa phiri la Khondowe, pamene lero pamachedwa Livingstonia. Mishoni yomweyi ndi imene inaphunzitsa a David Kaunda ndi kuwatumiza ku Chinsali, kumene mwana wawo, mtsogoleri woyamba wa dziko lino a Kenneth Kaunda, anabadwira mu 1924.

Mu 1949 ndi 1950, ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkaima pa Cape Maclear paulendo wa pakati pa England ndi Johannesburg. Ulendowo sunakhalitse, koma kuyambira nthawi imeneyo malowa anayamba kudziwika kwa alendo akunja.

Mphepo ya mwera

Munthu wozolowera damu amaganiza kuti madzi opanda mcere sakalipa. Asodzi a pa nyanjayi amadziwa zosiyana. M'miyezi yozizira, kuyambira ca mu May kufika mu August, kumaomba mphepo ya mwera yocokera kumwera cakum'mawa. Imatha kuomba masiku angapo osalekeza, ndipo imautsa mafunde aatali kuposa munthu. M'nyengo ya mvula kumabwera mphepo ya mpoto ndi namondwe wadzidzidzi.

Gombe la Chembe ndi lochingidwa ndi mapiri, motero nyanja imatha kuoneka yabata munthu ali pamcenga, pamene kuseri kwa Domwe kapena panjira ya ku Mumbo mafunde akuwinduka. Ngozi yaikulu kwambiri pa mbiri ya nyanjayi inacitika m'nyengo imeneyi. Pa 30 July 1946, sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 anamwalira.

Nthambi yoona za nyengo ku Malawi imalengeza macenjezo a mwera pa wailesi. Mwini boti akanena kuti lero sitipita, mlendo wanzeru sakakamiza, ngakhale atalipira kale kapena atatsala ndi tsiku limodzi lokha. Nthawi zambiri nyanja imakhala yabata m'mamawa, ndipo ulendo wa ku zilumba umayenera kuyamba msanga kuti boti libwerere kusanade.

Miyezi ya September ndi October ndi yotentha, koma madzi amakhala oyera ndipo mphepo imacepa. Miyezi ya April ndi May, mvula itangotha, mapiri amakhala obiriwira. Pa Khirisimasi ndi pa Pasaka alendo amaculuka kwambiri, ndipo malo ogona amavuta kupeza.

Ngozi za pa thanthwe ndi m'madzi

Mwala wouma wa pa zilumbazi umagwira phazi bwino, koma pamene mafunde amafika pamamera ndere yoterera ngati thelele. Ambiri amene amavulala amaterereka potsika m'boti kapena pofuna kujambulitsa cithunzi m'mphepete mwa phompho. Nsapato zogwira pansi zimathandiza kuposa mapatapata. Masana a mu October mwala umatentha moti ungawaule mapazi a mwana.

Acinyamata amakonda kulumphira m'madzi kucokera pamwamba pa miyala. Coopsa n'cakuti madzi a nyanjayi amakwera ndi kutsika caka ndi caka. Mu 2024 anakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi malo ena ogona alendo m'boma la Mangochi. Zaka zina amatsika. Malo amene munthu analumphapo bwinobwino caka catha angakhale ndi mwala pafupi ndi pamwamba caka cino, ndipo kuyera kwa madzi kumanyenga maso pa za kuya kwake.

Pa zilumbazi palibe poyambira posaya ngati pa mtsinje. Munthu akacoka pa mwala, mapazi ake sapondanso pansi. Wosadziwa kusambira ayenera kuvala jekete yoyandamitsa kuyambira pokwera boti mpaka potsika, ndipo boti lopanda majeketewa, kapena lonyamula anthu opitirira muyeso, n'losayenera kukwera. Mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo wotsogolera gulu awerenge anthu ake ponyamuka ndi pobwerera. Mowa ndi madzi akuya siziyenderana, ndipo kusambira usiku n'koopsa ngakhale kwa odziwa.

M'mudzi wa Chembe munatsegulidwa cipatala ca Billy Riordan Memorial Clinic mu 2004. Cinamangidwa pokumbukira mnyamata wa ku Ireland amene anamira m'nyanjayi mu 1999. Wovulala kwambiri amafunika kupita naye ku Monkey Bay kapena ku cipatala cacikulu ca boma ku Mangochi, ulendo umene umatenga nthawi ngati ngoziyo yacitikira pa cilumba.

Mvuu ndi ng'ona zilimo m'nyanjayi, makamaka m'malo a bango ndi m'mathiriro a mitsinje. Pa matanthwe a zilumba sizioneka kawirikawiri, komabe ndi bwino kufunsa eni dera musanalowe m'madzi pa malo acilendo.

Likodzo ndi malungo

Matenda a likodzo ndi odziwika m'dera la Cape Maclear. Amayamba ndi tizilombo timene timakulira m'nkhono za m'madzi. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tizilomboto amaswa n'kulowa m'nkhono. Pambuyo pake timatuluka ndi kuboola khungu la aliyense wosamba, wocapa kapena wosambira pamalopo. Cizindikiro codziwika ndi magazi m'mkodzo, koma ena amakhala nthawi yaitali osaona kanthu, uku cikhodzodzo cikuonongeka.

Akatswiri amene anafufuza pa Chembe anapeza kuti matendawa anakula kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pa nthawi imene nsomba zodya nkhono zinacepa m'madzi osaya cifukwa ca kuwedza kopitirira muyeso. Apa zikuoneka kuti kuteteza nsomba kumakhudzanso thanzi la ana a m'mudzi.

Ciopsezo n'cacikulu m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi, ndipo n'cocepa pa matanthwe a zilumba zakutali, ngakhale kuti palibe malo amene munthu angalumbire kuti ndi opanda tizilombo. Mankhwala ake ndi praziquantel. Amagwira bwino nchito tizilomboto titakula m'thupi, motero wobwerera kucokera kunyanja apite ku cipatala patapita milungu 6 mpaka 8, n'kufotokoza kumene anali. Malungo amene anagonjetsa amishoni a 1875 alipobe m'mphepete mwa nyanja, ndipo kugona m'neti n'kofunika usiku uliwonse.

Paki ndi asodzi

M'kati mwa pakiyi muli midzi isanu imene inalipo paki isanakhazikitsidwe: Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chizale. Chembe ndiwo waukulu, wokhala ndi anthu oposa 10,000. Ambiri amadalira usodzi wa usipa, utaka, kampango ndi chambo, ndipo nsomba zimaumitsidwa pa mathandala m'mbali mwa gombe. Usipa ndi kansomba kofanana ndi kapenta, ndipo amalonda amafika nako mpaka m'misika ya ku Chipata.

Lamulo limaletsa kuwedza m'kati mwa mamita 100 kucokera pa gombe la paki, ndiponso kudula mitengo pa zilumba. Kwa banja limene likusowa ndiwo ndi nkhuni, lamuloli ndi lolemera, ndipo pakhala kusamvana pakati pa anthu a m'midzi ndi oyang'anira paki a nthambi yoona za nyama zakuthengo. Mitengo ikatha m'mapiri, mvula imakokolola dothi n'kulithira m'nyanja, ndipo matope amakwirira ndere imene mbuna zimadya. Nkhawa ina inabuka mu 2011, pamene boma la Malawi linapereka ziphaso zofufuza mafuta pansi pa nyanja, ndipo bungwe la UNESCO linacenjeza za kuopsa kwa mafuta otayikira m'madzi amene sasinthika msanga.

Mlendo ali ndi mbali yake pa nkhaniyi. Ndalama yolowera m'paki ilipiridwe pa malo oyenera ndipo lisiti lisungidwe. Kulemba nchito woongolera alendo ndi mwini boti a m'mudzi momwemo kumacititsa kuti eni dera aone phindu la nsomba yamoyo. Mtengo wa ulendo ugwirizanidwe boti lisananyamuke. Mabotolo ndi mapepala apulasitiki abwerere kumtunda, ndipo pa matanthwe pasalembedwe maina ndi penti kapena makala.

Chembe ndi mudzi wa anthu, ndipo gombe lake ndi pamene amayi amacapira ndi kutsuka mbale. Zovala zosambira nazo n'za kumadzi, ndipo poyenda m'mudzi munthu avale mwaulemu. Kujambula munthu cithunzi kumayamba ndi kupempha.

Ulendo kucokera ku Palabana

Ulendowu ndi wa masiku awiri. Wokwera basi amayamba walowa mu mzinda wa Lusaka kuti akakwere pa siteshoni ya Intercity, kumene mabasi a ku Chipata amanyamuka m'bandakuca. Msewu wa Great East umadutsa pa Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Sinda ndi Katete. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570.

Malire ali pa Mwami, moyang'anana ndi boma la Mchinji. Mu December 2022 maiko awiriwa anatsegula cipata cimodzi cogwirira nchito pamodzi, kuti woyenda asaime kawiri. Nzika ya Zambia sifuna viza polowa m'Malawi, koma iyenera kukhala ndi pasipoti kapena cikalata cina coyendera covomerezeka, ndipo ana nawonso afunika mapepala awo. Woyenda ndi motoka wake atenge mapepala onse a motokayo ndi inshuwalansi yogwira nchito m'maiko a COMESA, yochedwa Yellow Card.

Kucokera ku Mchinji msewu umafika ku Lilongwe. Kucoka pamenepo pali njira ziwiri: ya ku Salima yotsata m'mphepete mwa nyanja, ndi ya ku Dedza yotsikira ku Golomoti pa msewu wokhotakhota wa m'mapiri. Zonse zimakafika ku msewu wa ku Monkey Bay. Patatsala pang'ono kufika m'tauniyo pali mphambano ya ku Cape Maclear, ndipo kucokera pamenepo ndi makilomita osakwana 20 kudutsa m'mapiri a paki. Pa mphambanopo pamapezeka njinga zamoto ndi timamotoka tonyamula anthu.

Maiko onse awiri amacha ndalama yawo kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri, ndipo mlendo afunse bwino kuti mtengo wachulidwa m'kwacha iti. Kusintha ndalama kucitikire ku banki kapena ku malo ovomerezeka, ndipo ndi bwino kunyamuka ku Lilongwe ndi ndalama zokwanira m'thumba. Nthawi ya pa wochi ndi imodzi, ndipo motoka zimayenda kumanzere monga kuno. M'kalankhulidwe muli kusiyana pang'ono: motoka kumeneko ndi galimoto, ndipo m'boma la Mangochi anthu ambiri amalankhulanso Ciyao.

Dzuwa likamalowa kuseri kwa Thumbi West, maboti a alendo amakhala atabwerera, ndipo nyanja imatsala m'manja mwa eni ake. Asodzi a usipa amakankhira mabwato awo m'madzi ndi kuyatsa nyale zokopera nsomba, monga momwe acitira asodzi a kapenta ku Siavonga. Pa usiku wopanda mwezi nyalezo zimandandalika kutali kuseri kwa zilumba, kunja kwa malire a mamita 100, mpaka m'bandakuca pamene mabwato amabwerera ku gombe ndipo amalonda amayamba kupikisana mitengo.